Makilo Asanu ndi Awiri

Sikelo ya Che Kaisi inazolowera nandolo ndi chimanga,
koma lero pambedza pake palendewera chikwama changa,
msika wa M'baluku usanadzaze.
Muvi wanjenjemera, waima pa naini.
"Chotsanimo awiri, mayi," akutero Che Kaisi,
"ndege si matola
kuti mukanong'oneze kondakitala."

Kunyumba ndakhuthulira zonse pamkeka.
Nsapato zagogoda zitsale,
zimandiluma chidendene ndi kale.
Chitenje chimodzi chikwana:
m'ndege chofunda, kuhotela chopukutira,
pamsonkhano ndikachimanga kumutu
ngati ndasiya zina khumi kuchipinda.
Diresi imodzi pathupi, ina ndaikulunga zolimba.
Sopo ndamudula pakati ndi mpeni.
Tchaja, mswachi, pasipoti yosadindidwapo,
ndi timapaketi khumi ta ufa wa malambe.
Kunena zoona, aulendo ndi malambewo.
Ine ndikungowaperekeza ku Joni
kuti ndikawayankhulire pamaso pa ogula.

Mbiri sichedwa kuwoloka Shire.
Dzuwa lisanapendeke khonde ladzaza.
Wina wabwera ndi mpunga wa mlamu wake,
wina uchi m'botolo la sobo,
wina kondowole woti akadye mphwake wodwala.
Abiti Ndembo afika pomalizira, phazi lotupa,
usipa m'jumbo yakuda,
wa mwana wawo Anafi wowotcherera mageti kumeneko.

Ndakana.
Mawu amenewa pakamwa pa munthu wa kuno
amalemera kuposa thumba la simenti.
"Si ine ayi, ndi sikelo."
Ena achoka osatsazika.
Abiti Ndembo akhala kaye, apempha madzi,
ayang'anayang'ana chikwama chili pambali pawo, nkuti,
"Basi, mukangomuuza kuti malata anafika,
denga silikudonthanso,
koma mawu ake sindinawamve chidutsire Idi."
Uthenga ulibe kilo.
Umenewo ndaulandira ndi manja awiri.

Usiku kutentha, tulo tosabwera.
Kuno ulendo amauyeza ndi katundu.
Obwera ku Joni timawadziwira patali:
ngolo kumbuyo kwa basi,
mafiriji, matilesi, njinga zomangidwa miyendo m'mwamba.
Ine ndikadzatsika Lachisanu
ndi kachikwama komweka, mwina kopepukirapo,
mkati muli pepala limodzi losainidwa,
kapena mulibe,
adzati chiyani amayi makumi atatu
amene amasinja nane malambe mpaka zikhato kuchita matuza?

Mbandakucha, adhana ikumveka ku Mpondasi,
wakabaza akupalasa mopepuka pamlatho,
chikwama chili pamiyendo ngati mwana wogona.
Kudepoti woitanira akufunsa, "Katundu ali kuti, mayi?"
Ndati ndi yemweyu.
"Ndiye mutsikira pa Ulongwe?"
Ndati Chileka.
Waseka, waganiza ndikucheza.

Minibasi ikudikira anthu atatu kuti idzaze.
Ndi pamene mphuno yandiuza.
Ndatsegula kathumba kam'mbali,
kaja ndimati ndi ka tikiti yokha:
kamtolo kosaposa chibakera,
kokulungidwa m'pepala la kope la sukulu,
komangidwa ndi mlaza kawiri, mfundo yake yolimba.
Anakalowetsa nthawi yanji?
Pamene ndinakatunga madzi aja.

Ndakayeza padzanja.
Mwina magalamu mazana awiri.
Che Kaisi sanatsegule, sikelo ili m'nyumba,
ndipo za kuchipata cha eni dziko sindikuzidziwa,
kaya akakalola, kaya akakaponya m'bini ndikuona.

Ndasolola chitenje m'chikwama,
ndachimanga m'chiuno pamwamba pa diresi.
Zovala pathupi sayeza.
Kamtolo ndakabwezera pamalo pake, zipi ndatseka.

Munthu womaliza wakwera ndi nkhuku.
Injini yatsokomola kawiri.
Mnzanga wapampando akununkhiza mpweya,
akundiyang'ana, akuyang'ana chikwama,
ine maso pawindo,
ndikubwereza chamumtima mitengo ya malambe m'marandi.